Nyali za sitima yakale yachidole zikakana kuyaka: mmene mungazikonzere

Mwezi wa Okutobala wapitawu, dzuwa la kuno ku Salima lili paliwombo, pa benchi yanga ku Kamuzu Road panafika madala ena atakwera kabaza, katoni ili pamiyendo. Ine ntchito yanga ndi mawailesi, masipika ndi matochi a sola, ndiye ndinkayesa kuti ndi zomwezo. Atatsegula, munali mutu wa sitima wachitsulo wakuda wolemera ngati njerwa, mabogi atatu, njanji zowongoka ndi zokhota, ndi thiransifoma. Pansi pa mutuwo panali dzina lakuti Lionel.

"Amisiri," anatero madalawo, "iyi bambo anga anachita kupatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira ku Senga Bay. Zoyenda ine sindikuzifuna kwenikweni. Ndikufuna adzukulu aone nyali zikuyaka usiku monga mmene ndinkaonera ine."

Ndinawafunsa ngati anali atayesapo kuilumikiza kumagetsi. Anati ayi, mwana wawo ankafuna kutero koma pulagi inakana kulowa pakhoma. Ndinati, "Madala, pulagi imeneyo muithokoze." Ikanalowa, bwenzi nkhani yathu itathera pa utsi. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinachita pa sitima imeneyo, ndipo zikhoza kuthandiza aliyense amene wapeza yotere mu sutikesi ya agogo kapena pakaunjika.

Yambani ndi kudziwa sitima yanu, magetsi asanayandikire

Sitima izi sizidya magetsi ofanana. Lionel ndi ya ku America, kampani imene inayamba mu 1900 ku New York. Sitima zake zikuluzikulu zimayenda pa njanji zamizere itatu ndipo zimalandira magetsi a AC (osinthasintha mbali, ngati a pakhoma) ochepa, osapitirira 18V kapena 20V, kuchokera ku thiransifoma. Koma thiransifomayo inapangidwira makhoma a ku America, a 110V mpaka 120V. Kuno pakhoma pali 230V. Mukailumikiza molunjika imapsa nthawi yomweyo, ndipo waya wamkati mwake akapsa palibenso chokonza. Pamafunika thiransifoma ina yotsitsa mphamvu kuchoka pa 230V kufika pa 110V. Ngakhale mutatero, muziikhudza kawirikawiri, chifukwa inapangidwira magetsi osinthasintha pa liwiro la 60Hz pamene athu ndi 50Hz, choncho imatentha msanga kuposa kwawo.

Märklin ndi ya ku Germany, nayonso ya AC, pafupifupi 16V, ndipo pofuna kubweza sitima m'mbuyo thiransifoma yake imatumiza mphamvu yokwererapo, cha m'ma 24V, kwa kanthawi kochepa. Chikumbukireni chimenechi mukadzafika posankha babu. Za ku England, Hornby-Dublo imene inayamba mu 1938 ndi Tri-ang, ndi za 12V DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire). Zimenezi musazipatse AC, mota imangolira ngati njuchi n'kutentha osayenda.

Chingwe cha thiransifoma yakale chiyang'anitsitseni. Chipindeni pang'ono ndi zala. Labala akang'aluka kapena kuyoyoka ngati chigumu chouma, chimenecho chisalowe pakhoma mpaka chitasinthidwa ndi munthu wodziwa ntchito ya magetsi. Mwamwayi, kukonza nyali sikulira thiransifomayo n'komwe.

Ine poyesera ndimagwiritsa ntchito batire la 12V, la njinga yamoto kapena la sola. Koma batire lilibe chisoni: mukagunditsa mawaya, limatulutsa mphamvu yonse mpaka waya kufiira. Ndiye pa waya mmodzi wochokera ku batire, dulani pakati n'kulumikizapo babu la galimoto la 12V 21W, lija la indiketa. Babu limeneli ndi mlonda wanu. Zonse zikakhala bwino, ilo limakhala lozima kapena kungofiira pang'ono pamene kababu ka sitima kakuwala. Mukaona lawala ngwee, dziwani kuti penapake pali shoti, ndipo palibe chimene chapsa.

Zina zofunika ndi mita yoyezera magetsi, soldering iron (chitsulo chowotcherera mawaya) yaing'ono ya 25W mpaka 40W, mtovu wowotcherera wa mawailesi uja wokhala ndi utomoni mkati, masikuludiraiva ang'onoang'ono, spiriti, thonje, mswachi wakale, chofufutira cha pensulo ndi mbale yoikamo masikuluwu. Asidi amene amagwiritsa ntchito okhoma zidebe ndi ndowa asayandikire. Amagwira bwino lero, koma miyezi ingapo ikadutsa mupeza waya wadyeka wasanduka wobiriwira.

Njira imene magetsi amadutsa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Pa sitima ya njanji zitatu, magetsi amabwera ndi njanji yapakati. Pansi pa mutu wa sitima kapena pa bogi pali kagudumu kachitsulo kamene kamakanikizidwa pa njanjiyo ndi sipuling'i. Pa Märklin pamakhala kachitsulo kotalika kotsetsereka m'malo mwa kagudumu. Kuchoka apo, waya amanyamula magetsi kupita pakadontho kapakati ka soketi ya babu. Akadutsa m'babu, amatulukira m'mbali mwa soketi, kulowa m'chitsulo cha thupi la bogi, kutsikira m'mawilo, n'kubwerera pa njanji ziwiri zakunja. Waya ndi mmodzi yekha, wachiwiri ndi thupi la sitimalo. Pa sitima ya njanji ziwiri, mawilo a mbali imodzi amatenga magetsi, a mbali inayo amabweza.

Nyali ikakana, ndiye kuti penapake pa ulendo umenewu padukapo. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti babu lapsa. Pa sitima ya madala aja munali mababu anayi, ndipo lopsa linali limodzi lokha. Ena atatuwo anali amoyo, ankangosowa njira.

Kutsegula

Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni: pansi, m'mbali, ndipo mukatsegula jambulaninso mmene mawaya adutsira. Mudzandithokoza pobwezeretsa. Yalani thaulo pathebulo, gonekani sitima chagada. Masikuluwu a zaka 70 amene akhala m'chinyontho cha kunyanja kuno sagonja msanga. Donthezerani kadontho ka oyilo wa makina osokera, pitani mukamwe tiyi, mubwerere. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino mumpata, apo ayi mutu wa sikuluwu uphwanyika.

Mabogi ena alibe masikuluwu, anamangidwa ndi timalilime ta malata topinda. Timeneti tiwongoleni pang'ono pokha kuti denga lituluke. Mukatipinda kawiri katatu timathyoka, ndipo sitimeranso. Mukaona thupi la mutu wa sitima kapena mawilo ali ndi ming'alu yambirimbiri ngati pansi pa dambo louma, kapena atatupa, ndiye kuti chitsulo chake cha zinki chayamba kufumbwa chifukwa chinasakanizika ndi zosafunika pochisungunula. Matenda amenewa alibe mankhwala. Gwirani ngati dzira, osamangitsa masikuluwu.

Kuyeza, kuyambira kubabu kubwerera m'mbuyo

Chotsani babu. Mababu alipo amitundu iwiri: lozungulira ngati sikuluwu, ndi lokhala ndi timapini tiwiri m'mbali limene mumalikankha n'kulipotoza pang'ono. Likakakamira, likulungeni ndi kansalu kuti galasi likasweka lisakuchekeni. Ikani mita pa ohm, chala chimodzi cha mita pakadontho kapansi pa babu, china m'mbali mwake. Mita ikaonetsa nambala yaing'ono kapena kulira, babulo ndi lamoyo. Ikangokhala duu, lapsa. Musadalire maso, kawaya kamkati kamatha kuduka pamalo posaoneka.

Kenako yezani kuyambira pa kagudumu kapansi kufika pakadontho kapakati ka soketi. Mita ikuyenera kulira. Uku mukuyeza, gwedezani wayayo ndi chala. Ikamalira modukizadukiza, waya waduka mkati mwa chikopa chake, makamaka pamene amapindika sitima ikamakhota. Yezaninso kuyambira m'mbali mwa soketi kufika pa mawilo. Apa ndi pamene dzimbiri limakonda kubisala, pakati pa soketi ndi thupi, kapena pa ma ekiselo.

Muyeso womaliza ndi wa shoti. Babu lili kunja, yezani pakati pa kagudumu ndi thupi la bogi. Apa mita isalire. Ikalira, waya wosenduka wakhudza chitsulo kapena soketi yawonongeka. Pa mutu wa sitima muyesowu umasokoneza chifukwa mota nayo ili panjira yomweyo, choncho yambani mwachotsa waya wa nyali pamene walumikizidwa, muuyeze pawokha.

Kutsuka

Ntchito yonyozeka, koma mabogi awiri mwa atatu aja anachira ndi iyi yokha. Mawilo ndi kagudumu zimakhala ndi chikhungu chakuda cha girisi wakale wosakanikirana ndi fumbi, cholimba ngati phula. Chipaleni ndi kamtengo kosongola, osati mpeni, kenako pukutani ndi thonje lonyowetsa spiriti mpaka thonjelo lizituluka loyera. Spiriti asakhudze penti kapena zilembo, amazisungunula. Mkati mwa soketi pukutani ndi chofufutira chimene mwachisema kuti chilowe. Kanikizani kagudumu ndi chala muone ngati kakubwerera ndi mphamvu. Kakamabwerera mwaulesi, nyali izidzaphethira sitima ikamayenda.

Njanji zadzimbiri zikwecheni ndi kasiponji kobiriwira kotsukira mapoto. Waya uja wotsukira mapoto, steel wool, ayi ndithu. Timawaya take timayoyokera paliponse, timakamatira ku maginito a mota ndi mawilo, n'kuyambitsa mashoti osaoneka ndi maso. Sandipepala nayenso amachotsa chikutiro cha njanji, mvula ikangoyamba dzimbiri limabwerera kuposa kale. Yang'ananinso pansi pa njanji yapakati: pamene yagwiridwa pali tizidutswa ta katoni yolimba toilekanitsa ndi zinzake. Kamodzi kakang'ambika, njanji yonse ndi shoti. Yezani chidutswa chilichonse pachokha.

Kusintha waya

Waya wa nthawi imeneyo ankakutidwa ndi nsalu kapena labala. Wa m'mutu wa sitima ya madala aja nditangomukhudza, chikopa chake chinayoyokera pathaulo ngati makala, n'kutsala mkuwa wokhawokha utagona pa chitsulo. Wotere musamuphimbe ndi tepi. Kutentha kwa kuno tepi imamasuka, ulimbo wake n'kupaka paliponse. Sinthani waya yense.

Sankhani waya wopyapyala wa timaulusi tambirimbiri mkati, wofewa, wa saizi 22 kapena 24 AWG. Waya wa mtima umodzi wolimba amathyoka msanga chifukwa mawilo a bogi amatembenuka pa kona iliyonse. Ine ndimasenda chingwe cha kompyuta yakufa kapena kuchotsa mu wailesi yakale. Wa mahedifoni musavutike naye, timaulusi take tili ndi vanishi ndipo mtovu sugwira bwino. Ngati mungathe sankhani wakuda, kuti asamaonekere m'mawindo.

Sinthani waya mmodzi pa nthawi. Chotsani wakale, muyezereni watsopano pa iye, muwonjezere pang'ono. Sendani nsonga mamilimita atatu kapena anayi, potani timaulusi, pakani mtovu pansongapo kaye. Pamalo powotcherera palani mpaka pawale, chotsani mtovu wakale wotuwa. Gunditsani soldering iron pa chitsulo ndi waya nthawi imodzi, mtovu usungunukire pa izo osati pa iron. Masekondi awiri kapena atatu akwana. Polumikiza pabwino pamakhala posalala ndi ponyezimira, pakakhala ngati chibulumwa cha nsima yozizira bwerezani. Pa kagudumu fulumirani kwambiri, chifukwa kamakhala pa kathabwa ka faiba kapena pulasitiki, ndiponso moto wambiri umafooketsa sipuling'i.

Waya wochokera pa kagudumu mumusiyire mpata. Tembenuzani mawilo mbali zonse ziwiri mpaka pomaliza, muone kuti sakukoka komanso sakulendewera mpaka kukhudza njanji. Pamene akudutsa pa bowo la chitsulo, muvekeni kachubu, kaya heat shrink kaya chikopa cha waya wokulirapo, chifukwa mkombero wa bowolo umacheka pang'onopang'ono. M'mutu wa sitima mumudutsitse kutali ndi magiya ndi mota.

Soketi ndiye imafuna mtima wodekha. Mkati mwake muli kawashala ka faiba kokhala ndi kadontho kamkuwa pakati, ndipo pa soketi za timapini kumbuyo kwake kuli sipuling'i. Waya amalowa chakumbuyo, kudutsa mkati mwa sipuling'i, n'kuwotchereredwa pakadonthoko. Kankhirani waya wakale kutsogolo kuti kawashala katuluke. Lowetsani watsopano m'soketi ndi m'sipuling'i poyamba, kenako muwotcherere, n'kukokera m'mbuyo. Ine ndinaiwala sipuling'i ulendo woyamba, ndinaipeza ikundiyang'ana m'mbale nditamaliza zonse. Kawashala kakafumbwa, semani kena pa bolodi yakale ya wailesi, pamalo popanda mkuwa, boolani pakati. Pulasitiki wa botolo sathandiza, babu likatentha amafota ndipo shoti imabwerera.

Babu loyenera

Werengani zolembedwa m'mbali mwa babu lakale. Mababu ambiri a Lionel ndi a 14V kapena 18V. Nambala 363 ndi 1445 ndi a timapini, 1449 ndi 1447 ndi ozungulira, ndipo pa awiriawiriwa loyamba ndi la 14V, lachiwiri la 18V. Märklin yaing'ono imagwiritsa ntchito timababu tozungulira tochepa kwambiri ta 19V. Zimenezi simungazipeze pa shopu kuno, n'zoitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale amene ali kunja.

Poyembekezera, pali njira. Babu la tochi kapena la dayinamo ya njinga limalowa bwinobwino m'soketi yozungulira, koma ndi la 2.5V mpaka 6V, lingowala kamodzi ngati mphezi basi. La galimoto la 12V 4W limalowa m'soketi ya timapini, koma limatentha kwambiri, ndipo thiransifoma mukaikweza silikhalitsa. Pa bogi la denga la pulasitiki limasiya chilonda chofota chimene simungachikonze. Chimene ndinapeza chothandiza ndi kababu ka 24V 2W ka pa dashibodi ya lole, kogulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto. Tsinde lake ndi la timapini lomwelo, lotchedwa BA9s. Kamawala mofatsa, mofiirira ngati nyali ya palafini, sikatentha, ndipo kamakhalitsa. Ingoonetsetsani kuti galasi lake silikugunda denga kapena kagalasi ka kutsogolo.

Za LED

Anyamata amene amacheza pa benchi yanga ankati ndingoikamo LED za m'matochi a sola akufa, zimene ndili nazo thumba lonse. N'zotheka, ndipo pa bogi la pulasitiki n'zanzeru chifukwa sizitentha. Koma LED siilumikizidwa yokha. Yoyera imafuna pafupifupi 3V, ndipo magetsi akabwera chobwerera opitirira 5V ikhoza kufa, pamene AC imasinthasintha mbali nthawi zonse. Ndiye mndandanda wake ndi uwu: waya wochokera pa kagudumu alowe mu resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) ya 1k, ija ya mizere yabulauni, yakuda ndi yofiira, kenako diode (yodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha) 1N4007, mbali yake ya mzere ikhale yoloza ku mwendo wautali wa LED, ndipo mwendo waufupi upite ku thupi la bogi. Pa Märklin ikani ya 1.5k chifukwa cha mphamvu ija yobwezera sitima. Vekani miyendo yonse timachubu. Pa sitima ya DC, LED yotere imayaka sitima ikamapita mbali imodzi yokha, zimene n'zabwino pa nyali yakutsogolo. M'mabogi a anthu ikani bridge rectifier, kachipangizo kowongolera magetsi mbali imodzi, kuti iziyaka mbali zonse.

Maganizo anga ndi akuti pa sitima yachitsulo yakale LED yoyera mobiriwira ija siikhala, imaoneka ngati minibasi ya usiku. Ngati mwasankha LED, funani yowala mwachikasu, ndipo musadule kapena kutaya soketi yakale. Chilichonse chimene mwachotsa chiikeni mu envelopu, chikhale m'katoni momwemo. Anthu osunga sitima zotere amalemekeza imene sinasinthidwe kwambiri.

Kuyesa ndi kutseka

Musanabwezere denga, ikani bogi pa chidutswa chimodzi cha njanji. Waya wodutsa m'babu la mlonda lija apite pa njanji yapakati, winayo pa yakunja. Nyali iyake, mlonda akhale chete. Kankhani bogi uku ndi uku ndi dzanja, pokhota pomwe, muone ngati ikuphethira. Ikaphethira, bwererani ku mawilo ndi sipuling'i ya kagudumu, kapena finyani timapini tolumikizira njanji. Isiyeni iyake mphindi zisanu, mukhudze pafupi ndi babu. Chala chikakana kukhalapo, babulo ndi lalikulu. Poyesa mutu wa Lionel ndi batire musadabwe mluzu ukamalira wosaleka, chifukwa umayatsidwa ndi DC. Komanso mutuwo ugwireni, ungathawe n'kugwa pathebulo.

Potseka onetsetsani kuti waya sanapanike pakati pa denga ndi thupi. Mukamaliza sambani m'manja, mtovu ndi poizoni, ndiponso penti wa zidole zakale zambiri anali ndi mtovu, choncho ana aang'ono asamaike mabogi kukamwa. Posunga, kulungani m'nsalu youma, katoni ikhale pamwamba osati pasimenti, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Madala aja anabwera Loweruka madzulo ndi adzukulu awiri. Thiransifoma yotsitsa mphamvu inali isanapezeke, ndiye tinalumikiza njanji mozungulira pakhonde, mabogi atatu pamwamba, batire pambali. Nditagunditsa waya, mawindo onse anayaka. Madalawo anagwada, n'kuyamba kukankha mabogiwo ndi dzanja pang'onopang'ono, akuuza anawo kuti njanji inafika ku Salima mu 1935 ndipo kwa zaka zoposa 40 inkathera pompano, mpaka pamene inapitirira ku Lilongwe mu 1979. Wamng'onoyo sankamva n'komwe. Anali atagona chafufumimba, diso lili pawindo la bogi lomaliza, akufunsa kuti, "Agogo, nanga anthu ake ali kuti?"